Adokotala akuti muchepetse thupi, koma muli ndi BP, shuga ndi ana oti muwaphikire: muyambire pati?

Masiku ano mukangotsegula foni nkhani yochepetsa thupi ili ponseponse. Pa gulupu ya WhatsApp wina akugulitsa tiyi woti mimba iphwe pa masabata awiri, pa Facebook wina akuti vuto lonse ndi nsima siyani lero lomwe, pa TikTok ndiye kuli jakisoni uja wa Ozempic amene akuti anthu otchuka kunjaku akubayitsa. Zili choncho, kuno ku Mangochi mayi kapena bambo wapita ku kiliniki ya BP ndi shuga, amuyeza, adokotala alemba m'kabuku nkungonena kuti "mayi muchepetseko thupi", ndipo poti panja pali mzere wautali palibe mpata wofunsa kuti nanga ndichepetse bwanji, ndichepetse makilo angati, nanga mapilitsi ndikumwawa ndizimwabe chimodzimodzi?

Malangizo ambiri a pa intaneti amakhala ngati akuuza munthu amene sadwala kalikonse, alibe mwana womudzutsa usiku, ali ndi firiji yodzaza komanso maola awiri opita ku jimu. Munthu amene akumwa mankhwala tsiku lililonse nkhani yake ndi ina, chifukwa akasintha kadyedwe mankhwala aja nawo amayamba kugwira mosiyana m'thupi, ndiye pali zoyenera kuyamba ndi zoyenera kubwera pambuyo.

Kunenepa kumene akunenako ndi kuti?

Kuchipatala amagwiritsa ntchito nambala yotchedwa BMI, imene imayerekeza kulemera kwanu ndi kutalika kwanu. Mumatenga makilo anu nkugawa ndi kutalika kwanu m'mamita kutachulukitsidwa ndi kutalika komweko. Mwachitsanzo mayi wotalika mamita 1.6 wolemera makilo 85, 1.6 kuchulukitsa ndi 1.6 ndi 2.56, ndiye 85 kugawa ndi 2.56 ikupereka 33. Bungwe la WHO limati kuyambira 25 thupi lapitirira muyezo, kuyambira 30 ndiye kunenepa kwenikweni kumene kumabweretsa matenda. Koma BMI ili ndi polakwika pake, siisiyanitsa mnofu ndi mafuta, mnyamata wokoka khoka ku Malombe akhoza kukhala ndi BMI yokwera pomwe thupi lonse ndi minofu yokhayokha.

Chimene chimanena zambiri ndi mimba. Mafuta a m'matako ndi m'ntchafu savuta kwambiri ngati mafuta amene amaunjikana m'kati mwa mimba, kuzungulira chiwindi ndi kapamba, kachiwalo kamene kamapanga insulin. Insulin ndi timadzi timene timachotsa shuga m'magazi nkumulowetsa m'minofu kuti akagwire ntchito, ndiye mafuta a m'mimba aja amapangitsa thupi kusamva insulin, shuga nkumangotsalira m'magazi. Mafuta omwewo amakwezanso BP. Kuyeza kwake sikufuna ndalama olo pang'ono. Tengani chingwe, chipondeni kumapazi muchikoke mpaka pamutu, dulani pamenepo, chipindeni pakati, kenako chizungulitseni pamimba pamwamba pang'ono pa mchombo mutatulutsa mpweya bwinobwino osabweza mimba. Ngati nsonga zake sizikukumana ndiye kuti mimba yaposa theka la kutalika kwanu, ndipo pamenepo mpamene chiopsezo chimayambira.

Ndipo musaone ngati ndinu nokha. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unachita ndi WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno anali ndi BP yokwera, ambiri osadziwa nkomwe, ndipo pafupifupi 6 mwa 100 aliwonse anali ndi shuga.

Thupi limasunga bwanji, nanga bwanji limakakamira?

Chakudya chilichonse chili ndi mphamvu, ndipo mphamvuyo amaiyeza m'makalori. Thupi limachita ngati banja lokhala ndi nkhokwe: zimene zalowa zikaposa zimene zadyedwa zotsalazo zimakwezedwa m'nkhokwe, ndiwo mafutawo, ndipo nkhokweyo imatsika pokhapokha zotuluka zikaposa zolowa kwa nthawi yaitali. Kilo imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga makalori pafupifupi 7,700, nchifukwa chake zoti mutaya makilo khumi pa masabata awiri sizimveka, zimene zimachoka mwachangu choncho kwambiri amakhala madzi.

Vuto ndi loti mwini nkhokweyu ndi wamantha, akaona kuti ikutsika msanga amaganiza kuti kwagwa njala. Timadzi tobweretsa njala timachuluka, tokuuzani kuti mwakhuta timachepa, thupi nkuyambanso kugwiritsa ntchito mphamvu moumira. Nchifukwa chake munthu amene wadzimana koopsa kwa sabata ziwiri, kumangomwa madzi a mandimu, sabata yachitatu amapezeka akudya ngati wabwera kuulendo, makilo onse nkubwerera pena mpaka kuposa. Anthu amamuseka kuti alibe khama, koma mbali yaikulu ndi mmene thupi linapangidwira basi. Liwiro limene madokotala ambiri amavomereza ndi theka la kilo pa sabata, olo litachepera apo palibe vuto.

Makilo ake angati?

Apa mpamene ambiri amadabwa. Simukufunika kubwerera pa thupi la pa chinkhoswe chanu kuti BP ndi shuga zisinthe. Kutaya makilo 5 mpaka 10 pa makilo 100 aliwonse amene mukulemera kumaoneka kale pa makina oyezera. Kwa mayi wa makilo 85 uja ndi makilo 4 mpaka 8 basi, pa miyezi isanu ndi umodzi. Kafukufuku wosiyanasiyana akamuphatikiza amasonyeza kuti kilo imodzi ikachoka nambala ya pamwamba ya BP imatsika ndi pafupifupi 1, zimene zikuoneka zochepa koma makilo asanu ndi kuchepetsa mchere zikakumana zimasintha ndithu zolembedwa m'kabuku muja.

Ku America kafukufuku wa Diabetes Prevention Program, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002, anatenga anthu oposa 3,000 amene shuga wawo anali atayamba kukwera koma asanafike pa matenda. Gulu limene linauzidwa kuti litaye 7 peresenti ya kulemera kwawo ndi kumayenda mphindi 150 pa sabata, mwayi wawo wodwala shuga unatsika ndi 58 peresenti, kuposa gulu limene linapatsidwa mapilitsi a shuga otchedwa metformin, limene unatsika ndi 31 peresenti. Ku UK nako kafukufuku wa DiRECT mu 2017 anaonetsa kuti pafupifupi theka la anthu amene anali ndi shuga kwa zaka zosakwana zisanu ndi chimodzi, atachepetsa thupi kwambiri, shuga wawo anabwerera m'malo osamwanso mapilitsi patatha chaka. Koma chenjerani ndi mmene nkhani imeneyi imafalitsidwira, anthu aja anali pa zakudya zapadera zoyezedwa, anamwino akuwayang'anira pafupipafupi, ndipo amene anaimitsa mankhwala anali achipatala osati eni ake.

Mankhwala anu ndiwo oyamba kuwaganizira

Musanachepetse mtanda olo umodzi wa nsima, tsegulani kabuku ka kuchipatala muone mayina a mankhwala amene mukumwa, chifukwa onse sali chimodzimodzi.

Kwa a shuga, metformin payekha kawirikawiri satsitsa shuga mopitirira muyezo ndiponso sanenepetsa. Koma glibenclamide, kapilitsi kakang'ono kaja, amakakamiza kapamba kutulutsa insulin kaya mwadya kaya simunadye, chimodzimodzinso jakisoni wa insulin. Ndiye tangoganizani, mayi wamwa glibenclamide m'mawa, waganiza kuti lero ndiyambe dayeti sindidya mpaka masana, wayenda wapansi kupita kumsika dzuwa lili phwee, cha m'ma 11 koloko manja ayamba kunjenjemera, thukuta lozizira, mtima ukugunda, maso akuchita mdima, akulankhula zosamveka. Anzake a pa benchi akuti ndi kutentha, akumukupiza ndi katoni. Ameneyo shuga watsika, ndipo akhoza kukomoka. Pa makina ndi nambala yochepera 70, kapena 3.9 pa makina owerenga manambala aang'ono. Chofunika pompo ndi masupuni aang'ono atatu kapena anayi a shuga m'madzi, dikirani mphindi 15, ngati sizinasinthe bwerezani, kenako adye chakudya chenicheni. Ngati wakomoka kale musamuthire kanthu m'kamwa angatsamwe, thamangirani naye kuchipatala. Ana anu aakulu ndi amuna kapena akazi anu azidziwe zimenezi, ndipo kashuga ka m'pepala kazikhala m'chikwama nthawi zonse. Ukachepetsa chakudya nthawi zambiri mlingo wa mankhwala amenewa umafunika kutsikanso, koma wotsitsa ndi adokotala.

Kwa a BP, HCTZ amachotsa madzi ndi mchere kudzera m'mkodzo. Ndi kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kwathu kuno, mukawonjezera kuyenda ndi kutuluka thukuta koma osamwa madzi okwanira, mudzaona chizungulire mukamadzuka pamkeka. Thupi likayamba kutsika BP nayo imatsika, mankhwala amene anali oyenera pa makilo 90 akhoza kukhala ochuluka pa makilo 82, ndiye chizungulire chotere mukanene ku kiliniki, musangosiya kumwa. BP siimva kuwawa, ambiri amene amasiya okha poti "ndikupeza bwino" amadzadziwa kuti inakweranso atagwa sitiroko. Amlodipine kwa ena amatupitsa akakolo, amenewo ndi madzi si mafuta. Atenolol ndi propranolol amachedwetsa kugunda kwa mtima ndipo amatha kubisa zizindikiro zina za shuga wotsika.

Palinso mankhwala amene amawonjezera thupi. Kuyambira 2019 anthu ambiri a ma ARV m'Malawi anasinthidwira ku TLD, amene muli dolutegravir, ndipo kafukufuku wa ADVANCE ku Johannesburg anaonetsa kuti anthu ena, makamaka amayi, amanenepa akamamwa dolutegravir. Mbali ina ya kunenepako ndi thupi kungobwerera mwakale kachilombo katagonja. Mankhwalawa amagwira ntchito bwino kwambiri, kuwasiya kapena kudumphitsa chifukwa cha thupi ndi kuika moyo pachiswe, chofunika ndi kuwauza a ku kiliniki aziyezanso BP ndi shuga. Prednisolone akamwedwa nthawi yaitali amanenepetsa ndi kukweza shuga, jakisoni wakulera wa Depo kwa amayi ena amawonjezera makilo, mankhwala ena a khunyu ndi a matenda a maganizo chimodzimodzi. Zonsezi ndi zokambirana, nthawi zina pamakhala ena osinthira nthawi zina ayi. Ndipo ngati munauzidwapo kuti impso zanu zili ndi vuto, ma dayeti aja odya nyama ndi mazira okhaokha asakukopeni musanafunse.

Mphika ndi umodzi

Palibe kholo limene lingaphike miphika iwiri tsiku lililonse, makala ake ati, nthawi yake iti. Ndiye kusintha kumene kumakhalitsa ndi kumene kukuchitika mu mphika wa banja lonse ndi pa mbale yanu.

Tiyambe ndi mkangano wa nsima. Ena akuti siyiranitu, ena akuti Mmalawi sangakhale osadya nsima. Kafukufuku woyerekeza anthu ochepetsa kwambiri zakudya zokhutitsa ndi anthu ochepetsa mafuta amapeza kuti pakatha chaka kusiyana kwa makilo kumakhala kochepa, chimene chimasiyanitsa ndi choti ndani wapirira nazo. Kuchepetsa zokhutitsa kumatsitsa shuga msanga, zimenezo nzoona, nchifukwa chakenso kuli koopsa kwa wa glibenclamide ndi insulin amene sanauze adokotala. Njira yapakati imene alangizi a zakudya amaphunzitsa ndi yogawa mbale: theka likhale masamba, gawo limodzi mwa anayi nsomba, nyemba, nandolo, khobwe kapena mazira, gawo lotsalalo ndiye nsima. Kunena mwachidule, amene amadya mitanda itatu ayambe iwiri, nkhwani kapena bonongwe achuluke, ndipo ayambe kudya ndiwozo nsima ibwere pambuyo. Mgaiwa uli ndi gaga amene amakhalitsa m'mimba kuposa ufa woyera, koma musanamizike, mphamvu zake nzofanana pafupifupi, mitanda inayi ya mgaiwa ndi mitanda inayi basi. Mpunga, kondowole, chinangwa, mbatata, buledi, zonsezi zili gulu limodzi ndi nsima pa magulu asanu ndi limodzi aja timaphunzira kusikelo ya ana, ndiye kusiya nsima nkudya mbale yodzaza mpunga palibe chimene mwasintha.

Koma ine ndimaona kuti nsima timaiimba mlandu wambiri pomwe zakumwa zikudutsa osafunsidwa. WHO imati shuga wothira asapitirire masupuni aang'ono pafupifupi 12 pa tsiku, ndipo zingakhale bwino atakhala 6. Kapu ya tiyi ya masupuni atatu m'mawa, ina madzulo, 6 uja watha kale. Botolo la zoziziritsa kukhosi la 300ml limakhala ndi masupuni 7 kapena 8, ndipo kunja kukatentha munthu amamwa awiri osaganizako. Onjezani Sobo, maheu a m'sitolo, thobwa lothira shuga. Zakumwa sizikhutitsa, mumamwa makalori onsewo nkudyanso nsima yanu yonse. Kwa ambiri poyambira posavuta ndi pomwepa, kuchotsa supuni imodzi mu tiyi sabata ino, ina sabata ya mawa, lilime limazolowera. Abambo, mowa nawo uli momwemu, ndipo kumwa mowa m'mimba muli gwa mutamwa glibenclamide kumagwetsa shuga usiku muli mtulo.

Chachiwiri mafuta ophikira. Supuni yaikulu imodzi ili ndi makalori pafupifupi 120, kuposa chakudya china chilichonse pa muyezo womwewo. Tili ndi mwayi kuno wa nsomba, olo mtengo wa chambo masiku ano umachita kuwawa, usipa, utaka, bonya ndi matemba ndi ndiwo zabwino kwambiri kwa munthu wa BP ndi shuga. Kungoti timakonda kuzisambitsa m'mafuta. Nsomba yomweyo yootcha pa makala kapena yophika ndi tomato ndi anyezi ndi kamafuta koyeza ndi supuni, osati kuthira kuchokera m'botolo, imachotsa makalori ambirimbiri banja osadandaula. Nsinjiro ndi zabwino koma nazo ndi mafuta, mukatendera masamba musathirenso mafuta ena.

Mchere sunenepetsa koma ndiwo mdani wa BP. Muyezo wa WHO ndi magalamu osakwana 5 pa tsiku, supuni yaing'ono imodzi pa munthu, kuphatikiza umene uli kale m'zakudya. Umabisala mu timakyubu tokometsera ndiwo, tipaketi ta m'masoya pisi, buledi, soseji, ngakhale soda amene timathira mu therere ali ndi sodium yemweyo amene amakweza BP.

Tsopano tsiku la kholo lenileni limayenda chonchi: kudzuka 4 koloko, kuphikira ana phala, iwe kumwa tiyi ndi mandasi awiri uli chiimire, masana pa geni kapena ku ofesi tchipisi cha pachiwaya kapena osadya nkomwe, madzulo kufika ndi njala ya mkango, kulawa uku ukuphika, kudya nsima yambiri 8 koloko, kenako kumaliza zimene ana asiya m'mbale poti kutaya chakudya ndi tchimo, nkukagona. Munthu ameneyu akamati "inetu sindidya kwambiri" sakunama, masana onse amakhaladi ndi njala. Chimene chingathandize ndi kusuntha chakudya china kuchoka usiku kupita m'mawa ndi masana: dzira lowiritsa kapena nyemba zotsala dzulo m'mawa, kambale ka ndiwo ndi mbatata yowiritsa konyamula, mtedza wodzaza dzanja limodzi. Ana muziwagawira zochepa awonjezere okha, zotsala muvundikire. Nyengo ya mango, bango limodzi kapena awiri aang'ono palibe vuto olo kwa wa shuga, vuto ndi kukhala pansi ndi beseni.

Chinthu chimodzi osasokoneza: ana, makamaka osakwana zaka zisanu, sali pa dayeti. Iwo akufunika mafuta ndi nsinjiro m'phala lawo kuti akule. Achepetsereni Sobo ndi makamba, zimenezo inde, koma mbale yawo isachepe chifukwa cha BP yanu.

Nthawi yoyenda ichokera kuti?

WHO imati munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndipo malangizo a 2020 amati mphindi iliyonse imawerengedwa, sizofunika kuti zikhale pamodzi. Mphindi khumi katatu pa tsiku zakwana. Liwiro lake ndi loti mukhoza kulankhula koma simungathe kuimba. Kutsika kabaza musanafike, kuwoloka mlatho wa Bakili Muluzi wapansi, kuperekeza mwana kusukulu mwandawala, kutunga madzi, kulima, zonsezi ndi zomwezo. Kwa wa shuga kuyenda mphindi 10 kapena 15 mutangomaliza kudya kumatsitsa shuga amene amakwera pambuyo pa chakudya, ndiye kuzungulirako ndi ana madzulo mukatha nsima kuli ndi phindu kuposa mmene kumaonekera. Kawiri pa sabata onjezerani za minofu, olo kungokhala ndi kudzuka pa mpando kakhumi, kupuma, kubwerezanso.

Tinene zoona, kuyenda pakokha sikuchotsa makilo ambiri. Theka la ola loyenda mwachangu limatentha makalori pafupifupi 150, botolo limodzi lija la zoziziritsa kukhosi labweza pafupifupi onse. Nchifukwa chake amayi ambiri amagwira ntchito tsiku lonse thupi osatsika. Phindu la kuyenda lili pa BP, shuga, tulo ndi kuteteza kuti makilo amene achoka asabwerere.

Dzuwa la kuno si losewera nalo, yendani m'mamawa kapena likapendeka, botolo la madzi m'manja. Wa shuga asayende opanda nsapato pa mchenga wotentha, chifukwa shuga amapha mitsempha ya kumapazi munthu nkupsa kapena kubayidwa osamva, ndipo kachilonda kakang'ono kakhoza kufika podulitsa mwendo, muziyang'ana mapazi usiku uliwonse mpaka pakati pa zala. Wa mphumu anyamule inhela yake ndipo apewe misewu ya fumbi. Kusambira nkwabwino pa mawondo koma m'madzi mwathumu muli likodzo, ku Shire ndiye kulinso ng'ona. Mawondo akamawawa musazolowere kugula brufen kapena diclofenac pa golosale, amakweza BP ndi kuwononga impso. Ngati BP yafika 180 pa 110 zolimbitsa thupi ziyambe zadikira mpaka itatsika, ndipo kupweteka pachifuwa, kubanika kwachilendo kapena dzanzi mbali imodzi ya thupi ndi nkhani yothamangira kuchipatala nthawi yomweyo.

Tulo nato tili m'nkhaniyi. Munthu wamkulu amafunika maola osachepera 7, akamagona ochepa timadzi ta njala tija timakwera ndipo mawa lake amalakalaka zotsekemera ndi zokazinga. Wa mwana wakhanda sangachitire mwina, koma ola lija la pa foni ana atagona ndi lanu. Amene amaliza mkonono kwambiri nkumasiya kupuma ali mtulo, masana nkumangosinza, akanene kuchipatala, vuto limenelo limayenda ndi kunenepa ndipo limakweza BP.

Nanga kumanga Ramadan kapena kusala kudya?

Funso limeneli kwathu kuno silingalephere. Kusala kudya maola ena pa tsiku ngati njira yochepetsera thupi, kafukufuku amaonetsa kuti kumagwira ntchito mofanana ndi kungochepetsa chakudya, sikuposa ndipo sikuchepera. Pa Ramadan ambiri amataya kilo imodzi kapena ziwiri zimene zimabwerera pakangopita masabata ochepa, makamaka ngati pomasula pamakhala zokazinga ndi zotsekemera zambiri.

Kwa wodwala shuga chachikulu ndi chitetezo. Malangizo a madokotala a shuga amati mupite ku kiliniki masabata 6 mpaka 8 mwezi usanayambe kuti akuoneni ngati mungathe kumanga ndi kusintha nthawi ndi mlingo wa mankhwala, musadumphe daku, chakudya cha m'bandakucha chija, mumwe madzi okwanira usiku, ndipo shuga akatsika pansi pa 70 kapena kukwera kupitirira 300 mumasule. Chisilamu chimapereka chilolezo kwa odwala, ndipo mmene chilolezocho chikukhudzirani inuyo mukhoza kukambirana ndi a shehe mutamva kaye za adokotala. Akhristu osala masiku angapo kapena okapemphera kuphiri, thupi lanu ndi lomwelo, mapilitsi ndi omwewo.

Matiyi aja ndi jakisoni uja

Matiyi ambiri ochepetsa thupi amakhala ndi zotsegula m'mimba monga senna kapena zokodzetsa. Sikelo imatsikadi, koma chatuluka ndi madzi ndi chimbudzi, mafuta ali pomwepo. Kwa munthu amene akumwa kale HCTZ kutaya madzi kawiri choncho kumachotsa potassium, mchere umene mtima umadalira kuti ugunde bwino. M'maiko ena oyeza mankhwala akhala akupeza sibutramine wobisidwa m'zinthu zolembedwa kuti "zachilengedwe", mankhwala amene anachotsedwa pa msika ku Ulaya ndi ku America mu 2010 chifukwa chowonjezera chiopsezo cha matenda a mtima ndi sitiroko. Kuno bungwe loona za mankhwala ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, ndipo chinthu chopanda dzina la opanga kapena mndandanda wa zimene zilimo palibe angakuuzeni kuti chikumana bwanji ndi mapilitsi anu.

Jakisoni ndi nkhani ina, amenewo ndi mankhwala enieni. Ozempic ndi Wegovy onse ndi semaglutide, amene amatsanzira timadzi ta m'matumbo totchedwa GLP-1 timene timauza ubongo kuti mwakhuta. Amabayidwa kamodzi pa sabata. Pa kafukufuku amene anatuluka mu 2021 anthu anataya pafupifupi 15 peresenti ya kulemera kwawo pa masabata 68, zimene kadyedwe kokha sikafikapo kawirikawiri. Mbali inayo ndi yoti atasiya, pafupifupi magawo awiri mwa atatu a makilo aja anabwerera pa chaka chimodzi, ambiri amachita nseru ndi kusanza poyamba, woyembekezera saloledwa, mtengo wake ndi wosayamba, ndipo mu June 2024 WHO inachenjeza za semaglutide wachinyengo amene anapezeka ku Brazil, UK ndi America. Wogulitsa pa WhatsApp sangakuuzeni ngati wake ndi weniweni kapena ngati anasungidwa mozizira.

Sikelo ikaima, ndi kuonda kumene simunakufune

Sabata yoyamba mukhoza kutaya kilo imodzi kapena ziwiri, ambiri ndi madzi, kenako zimayenda pang'onopang'ono, ndipo pakapita miyezi ingapo sikelo imaima ndithu chifukwa thupi laling'ono limafuna mphamvu zochepa. Zimenezo zimachitikira pafupifupi aliyense. Kudziyeza tsiku lililonse kumangosokoneza mutu poti madzi okha amasintha kilo yathunthu pa tsiku, makamaka amayi akayandikira kumwezi. Sikelo ya ku kiliniki pa tsiku lanu lotenga mankhwala ndi chingwe chija kamodzi pa mwezi zakwana, ndipo muzionanso manambala a BP ndi shuga m'kabuku chifukwa nthawi zambiri amasintha sikelo isanasunthe kwenikweni.

Anthu nawo alankhula. Kwathu kuno kunenepa ndi "akusamalidwa bwino", kuonda ndi "kodi mukudwala?", mpaka apongozi kuyamba kufunsa ngati pakhomo pali mtendere. Kuwauziratu a m'nyumba kuti ndi adokotala anena chifukwa cha BP kumachepetsa manong'onong'o komanso kukakamizidwa mtanda wachitatu. Mayi woyembekezera asayambe zochepetsa thupi, ndipo woyamwitsa asadzimane chakudya, angochotsa zotsekemera ndi zokazinga.

Koma pali kuonda kwina kosafunika kukondwerera. Ngati makilo akuchoka inu musanasinthe kalikonse, kapena akuchoka mothamanga uku mukumva ludzu losatha ndi kukodza usiku wonse, nthawi zambiri ndi shuga amene wakwera kwambiri mpaka thupi likumutaya mu mkodzo. Ngati pali chifuwa cha masabata awiri, thukuta la usiku kapena kutentha thupi, akuyezeni TB ndi HIV. Kuonda kopanda chifukwa kumabweranso ndi matenda a chithokomiro ndi khansa zina, ndiye musadikire tsiku lanu la kiliniki, pitani sabata yomweyo ndi kabuku kanu ndi mapaketi a mankhwala onse amene mukumwa, kuphatikiza azitsamba ndi matiyi amene munagula panokha.